Mmene Thupi Lathu Limapangira Maselo Atsopano

Ana inu, malaya amene munasokeredwa chaka chatha akayamba kukuthinani, akuluakulu amangonena kuti mwakula, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma funso limene limatsala ndi lakuti, kodi thupi lowonjezerekalo lachokera kuti? Mwina mungayankhe kuti lachokera ku phala, nsima ndi ndiwo zimene mwakhala mukudya, ndipo simunaphonye kwenikweni, chifukwa palibe mwana amene angakule popanda chakudya. Komabe nsima siisanduka mwendo kapena dzanja payokha. M'thupi mwanu muli tinthu tamoyo ting'onoting'ono kwambiri totchedwa maselo, ndipo maselo amenewa ndi amene amatenga zofunika za m'chakudya n'kuzigwiritsa ntchito kuti akule ndi kubala maselo anzawo.

Khungu, magazi, mafupa, mtima ndi ubongo, zonsezi ndi maselo okhalira pamodzi. Ambiri mwa iwo ndi aang'ono moti diso silingawaone popanda makina oonera tinthu ting'onoting'ono otchedwa maikulosikopu, ofanana ndi amene ogwira ntchito ku labotale ya chipatala amaunikira dontho la magazi pofufuza malungo. Kuti mumvetse kuchepa kwake, yang'anani pa rula yanu mpata wa milimita imodzi, kuchoka pa kamzere kamodzi kufika pa kotsatira. M'kampata kameneko mungandandalikidwe maselo ofiira a magazi oposa 100. Asayansi amawerengera kuti munthu wamkulu ali ndi maselo pafupifupi 30 thiliyoni, nambala imene polemba mumayamba ndi 30 kenako n'kuwonjezera maziro 12.

Maselo amenewa sakhala mpaka kalekale. Ambiri amakalamba, amawonongeka kapena amagwa, ndipo thupi limayenera kupeza ena olowa m'malo mwawo. M'chaka cha 2021, akatswiri awiri a ku Israel, Ron Sender ndi Ron Milo, anawerengera kuti thupi la munthu wamkulu limapanga maselo atsopano pafupifupi 330 biliyoni tsiku lililonse. Chiwerengero chimenechi chimaposa anthu onse a padziko lapansi maulendo 40, koma maselo onsewo atati aikidwe pasikelo angalemere magalamu 80 okha kapena cha pomwepo.

Selo limabadwa kuchokera ku selo

Munthu woyamba kuona maselo n'kulemba za iwo anali Robert Hooke wa ku England, amene m'chaka cha 1665 anaunika kachidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo n'kuona timabowo tondandalikana bwino. Panadutsa zaka zoposa 170 asayansi asanagwirizane kuti zomera ndi nyama zonse zinapangidwa ndi maselo, ndipo ngakhale atagwirizana, anasiyanabe maganizo pa za kumene selo latsopano limachokera. Ena ophunzira kwambiri ankakhulupirira kuti maselo amangoundana okha kuchokera m'madzimadzi a m'thupi. Robert Remak, dokotala amene ankagwira ntchito ku Berlin, anayang'anitsitsa magazi a mwanapiye wosaswedwa ndipo anaona selo limodzi likugawanika n'kukhala awiri. M'chaka cha 1855 dokotala wina wa ku Germany, Rudolf Virchow, anafalitsa mfundo imeneyi m'mawu ochepa akuti selo lililonse limachokera ku selo lina. Dzina la Virchow ndi limene linatchuka, ngakhale kuti amene anapirira kuyang'ana mu maikulosikopu mpaka kuona zimenezi anali Remak.

Mfundo imeneyi ndiyo mutu wa nkhani yonseyi. Thupi lilibe malo kumene limaumba selo kuchokera ku zinthu zopanda moyo. Njira ndi imodzi yokha, yakuti selo limene lilipo kale likule, likonze zonse zofunika, kenako ligawanike pakati.

Inunso munayamba muli selo limodzi, limene linapangika pamene selo la bambo anu linakumana ndi dzira la mayi anu. Selo loyambalo linali laling'ono kuposa kadontho kamene mumaika kumapeto kwa chiganizo. Patatha pafupifupi tsiku limodzi linagawanika n'kukhala awiri, awiriwo n'kukhala 4, kenako 8, kenako 16. Poyamba manambala amenewa amaoneka ochepa, koma tengani pensulo mupitirize kuchulukitsa ndi 2 ndipo mudabwa. Pa ulendo wa 10 mufika pa 1,024, pa ulendo wa 20 mudutsa miliyoni imodzi, pa ulendo wa 30 mudutsa biliyoni, ndipo pa ulendo wa 45 mupitirira kale chiwerengero cha maselo onse a munthu wamkulu. M'thupi lenileni zinthu siziyenda molongosoka ngati masamu a m'kope, popeza maselo ena amasiya kugawanika msanga ndipo ena amafa, koma masamuwo akusonyeza chifukwa chake miyezi 9 imakwana kuti kadontho kaja kasanduke khanda.

Kukopera malangizo

Selo lililonse lili ndi kachikopa kopyapyala kolikuta, kamene kamalola chakudya ndi mpweya kulowa ndiponso zoipa kutuluka. Mkati muli madzi olimbirako mmene muli tizigawo tosiyanasiyana, tina totulutsa mphamvu kuchokera ku shuga, tina topanga mapuloteni, timankhwala timene timagwira ntchito zambiri za m'selo. Chapakati pali kachigawo kozungulira kotchedwa nyukiliyasi, ndipo mmenemo ndi mmene mumasungidwa DNA, malangizo onse onena za mmene thupi liyenera kupangidwira ndi kugwirira ntchito.

DNA ndi ulusi wautali, wowonda kwambiri, wopangidwa ndi zingwe ziwiri zopotana. Maonekedwe amenewa anadziwika m'chaka cha 1953, pamene James Watson ndi Francis Crick a ku Cambridge anawafotokoza mothandizidwa ndi zithunzi zochokera ku ntchito ya Rosalind Franklin ku London. Pa chingwe chilichonse pamandandalikana timankhwala tamitundu inayi, timene asayansi amatiimira ndi zilembo A, T, C ndi G. Mu selo limodzi la munthu muli zilembo zimenezi zoposa 6 biliyoni pa chingwe chimodzi chokha mwa ziwirizo, moti munthu atati aziwerenga chilembo chimodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osagona, angafunike zaka pafupifupi 190 kuti amalize. Ulusi wa m'selo limodzi utatambasulidwa ungatalike pafupifupi mamita awiri, kuposa msinkhu wa aphunzitsi anu, koma umapindidwa mwaluso mpaka kukwana m'kanthu kosaoneka ndi maso. Ulusiwo unadulidwa m'zidutswa 46 zotchedwa makromozomu, 23 zochokera kwa mayi ndi 23 zochokera kwa bambo. Kwa zaka zambiri mabuku ankanena kuti zidutswazi zilipo 48, mpaka m'chaka cha 1956 pamene Joe Hin Tjio ndi Albert Levan, akugwira ntchito ku Lund m'dziko la Sweden, anaziwerenga bwinobwino n'kupeza 46.

Selo likati ligawanike, vuto lalikulu limakhala pa malangizowa. Litangowagawa pakati, selo latsopano lililonse lingalandire theka, ndipo selo lokhala ndi theka la malangizo silingagwire ntchito. Choncho lisanagawanike limayamba lakopera DNA yonse kuti pakhale makope awiri athunthu.

Chimene chimatheketsa kukoperaku ndi lamulo losavuta lakuti A amagwirana ndi T nthawi zonse, ndipo C amagwirana ndi G. Ngati chingwe chimodzi chili ndi zilembo A, C, G, T, ndiye kuti chinzake moyang'anizana nacho chili ndi T, G, C, A, ndipo simufunika kuchiona kuti mudziwe zimenezo. Selo limagwiritsa ntchito lamulo lomweli. Puloteni ina imadutsa pakati pa zingwe ziwirizo n'kumazilekanitsa, ndipo puloteni ina imatsatira pambuyo, ikuika chilembo choyenera moyang'anizana ndi chilembo chakale chilichonse. Ntchitoyo ikatha pamakhala ulusi uwiri wofanana ndendende, ndipo uliwonse umakhala ndi chingwe chimodzi chakale ndi china chatsopano. Kukoperako kukanati kuziyambira kumapeto amodzi a kromozomu mpaka kukafika kumapeto ena, bwenzi kukutenga milungu yambiri. M'malo mwake kumayambira pa malo masauzande ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo kumatha m'maola pafupifupi 8.

Aliyense amene anakoperapo notsi za pabolodi akudziwa kuti dzanja limalakwitsa. Puloteni yokopera DNA imalakwitsanso, koma imadziyang'anira yokha, ndipo ikaika chilembo cholakwika imabwerera m'mbuyo, kuchichotsa n'kuika choyenera. Pambuyo pake pamadutsanso mapuloteni ena ofufuza zimene zaphonyedwa. Zikatha zonsezi, zolakwika zimene zimatsala zimakhala zochepa kwambiri, mwina chilembo chimodzi pa zilembo biliyoni, ndipo zambiri mwa izo sizivulaza munthu.

Ola la kugawanika

Selo likamaliza kukopera silithamangira kugawanika. Limakula kaye, limachulukitsa tizigawo take tamkati kuti tikwanire maselo awiri, ndipo limafufuzanso ngati DNA ili bwino. Kwa maselo amene amagawanika kawirikawiri, ulendo wonse kuchokera pa kubadwa kwa selo kufika pa kugawanika kwake umatenga pafupifupi tsiku limodzi, koma kugawanika kwenikweniko, kumene asayansi amakutcha mitosis, kumatenga pafupifupi ola limodzi lokha. Amene anakufotokoza mwatsatanetsatane anali Walther Flemming wa ku Kiel m'dziko la Germany m'chaka cha 1882. Iye ankapaka utoto maselo a kanyama kooneka ngati buluzi kotchedwa salamander, n'kumajambula pamanja zimene ankaona, ndipo zojambula zakezo zimagwirizana modabwitsa ndi zimene makina amakono amaonetsa.

Mutakhala ndi mwayi woyang'ana selo lamoyo pa ola limenelo, choyamba mungaone mkati mwa nyukiliyasi mukuyamba kuoneka timizere. Umenewo ndi ulusi wa DNA uja ukudzikulunga mothina mpaka kromozomu iliyonse kukhala kamtengo kafupi konenepa. Popeza kromozomu iliyonse inakoperedwa kale, timitengoti timakhala tiwiritiwiri, togwirana chapakati, ndipo n'chifukwa chake m'mabuku kromozomu amaijambula ngati chilembo X. Kenako kachikopa kokuta nyukiliyasi kamasweka, ndipo kuchokera kumbali ziwiri zoyang'anizana za selo kumatuluka timaulusi timene timakola makromozomu aja, kena kuchokera mbali iyi, kena kuchokera mbali inayo. Timaulusito timakokana mpaka makromozomu onse 46 atandandalikana pamzere umodzi pakati penipeni pa selo.

Apa ndi pamene ine ndimachita napo chidwi kwambiri, chifukwa selo limaima kaye n'kudikira. Ngati kromozomu imodzi yokha sinakoledwe bwino mbali zonse ziwiri, imatulutsa chizindikiro choletsa, ndipo zina 45 zija zimadikira mpaka inzawoyo itakonzeka. Chizindikirocho chikazima, chogwirizanitsa makope awiri aja chimadulidwa nthawi imodzi, ndipo makope 46 amakokeredwa kumbali iyi pamene 46 ena amapita kumbali inayo. Gulu lililonse limakutidwa ndi kachikopa katsopano n'kukhala nyukiliyasi payokha. Pomaliza, m'chiuno mwa selo mumapangika kamkombero ka mapuloteni kamene kamafinya pang'onopang'ono mpaka selo litaduka pakati. Pamene panali selo limodzi pamakhala awiri, ndipo palibe limene tingalitchule kuti kholo kapena mwana, popeza lakale lija lagawika lonse mwa awiriwo.

Pali kugawanika kwa mtundu wina kumene kumachitika popanga mazira a amayi ndi maselo a abambo okha, kumene kumasiya makromozomu 23 m'selo lililonse m'malo mwa 46. N'chifukwa chake awiriwo akakumana chiwerengero chimabwerera pa 46, ndipo mwana amatengako kuchimuna ndi kuchikazi komwe.

Maselo oyambira ndi nkhani ya magazi

Mwina mwayamba kale kudabwa kuti ngati maselo onse amalandira malangizo ofanana, zimatheka bwanji kuti selo la khungu lisiyane ndi la ubongo, limene nthambi yake ingathe kutalika mpaka mita yathunthu? Yankho ndi lakuti selo lililonse limasunga malangizo onse koma limawerenga gawo lokhalo limene likukhudza ntchito yake, ndipo magawo enawo amakhala otsekedwa. Selo likakhwima pa ntchito yake, nthawi zambiri limasiya kugawanika. Ntchito yobala maselo atsopano imatsalira kagulu kochepa ka maselo osakhwima, amene tingawatchule kuti maselo oyambira.

Mlimi wanzeru akakolola sadya chimanga chonse, koma amapatula china kuti chikhale mbewu ya chaka chamawa. Thupi limachitanso chimodzimodzi. Maselo oyambira akagawanika, ena mwa maselo atsopanowo amapita kukakhwima ndi kugwira ntchito mpaka kufa, pamene ena amatsala osakhwima kuti adzabalenso. Umboni woyamba wooneka bwino wa maselo otere unapezedwa m'chaka cha 1961 ndi James Till ndi Ernest McCulloch a ku Toronto m'dziko la Canada, amene ankafufuza za mafuta a m'mafupa a mbewa.

Mafuta a m'mafupa ndiwo malo otanganidwa kwambiri m'thupi lonse. Mukaswa fupa la nkhuku yophika mumapeza mkati mwake zinthu zofewa zofiirira, ndipo mmenemo ndi mmene munkapangidwa magazi a nkhukuyo. Mwa mwana wamng'ono pafupifupi mafupa onse amapanga magazi, koma munthu akakula ntchitoyi imatsalira makamaka m'mafupa a m'chiuno, a msana, a pachifuwa, nthiti ndi chigaza. Kuchokera ku maselo oyambira a mmenemo mumatuluka maselo ofiira amene amanyamula mpweya wa okosijeni, maselo oyera amene anthu amawatcha asilikali a m'thupi, ndiponso tizidutswa timene timathandiza magazi kuundana pabala.

Maselo ofiira ndi ochuluka kuposa ena onse, moti pa maselo 10 alionse a m'thupi mwanu, oposa 8 ndi amenewa. Selo lofiira likatsala pang'ono kukhwima limataya nyukiliyasi yake kuti lipeze malo okwanira onyamulira mpweya, ndipo potero limataya mwayi wogawanika kapena wodzikonza. Limazungulira m'mitsempha kwa masiku pafupifupi 120, kenako kapamba ndi chiwindi zimalichotsa n'kubweza ayironi wake kuti akagwirenso ntchito m'maselo atsopano. Kuti chiwerengero chisatsike, mafupa a munthu wamkulu amatulutsa maselo ofiira oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Zimene zimauza mafupa kuchuluka kwa maselo ofunika ndi impso, zimene zikaona kuti mpweya wachepa m'magazi zimatulutsa mankhwala olamula mafupa kuti awonjezere liwiro. N'chifukwa chake munthu amene wapereka magazi pafupifupi theka la lita ku Malawi Blood Transfusion Service sakhala wopereweredwa mpaka kale, popeza madzi a m'magazi amabwerera m'masiku ochepa, ndipo maselo ofiira amabwerera pakapita milungu ingapo.

Kuno kwathu chimene chimasokoneza kwambiri dongosolo limeneli mwa ana ndi malungo. Tizilombo ta malungo tikalowa m'thupi kudzera mwa udzudzu timayamba taswana m'chiwindi, kenako timalowa m'maselo ofiira, kuswana mmenemo ndi kuwaphulitsa pakatha masiku awiri alionse. Maselo akamawonongeka mofulumira kuposa mmene mafupa angapangire ena, mwana amachepa magazi, amafooka ndipo amapuma mwawefuwefu. Mukaona adokotala akutambasula chikhatho cha mwana kapena kukokera pansi chikope chake, amakhala akuyang'ana ngati malo amenewo ayera m'malo mofiira. Njoka zina za m'mimba zimachepetsanso magazi chifukwa zimayamwa magazi m'matumbo.

Pamenepa m'pamene chakudya chija chikulowa m'nkhani. Maselo ofiira sangapangidwe popanda ayironi, amene amapezeka m'chiwindi, nyama, usipa, matemba, nyemba ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi chisoso. Zipatso monga malalanje, magwafa ndi malambe zimathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi nyemba, pamene tiyi womwera limodzi ndi chakudya amachepetsa kuyamwako. Kukopera DNA kumafunanso mavitamini ena opezeka m'masamba, nyemba, mazira ndi nsomba, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene amayi oyembekezera amalandirira mapiritsi owonjezera magazi kusikelo, popeza m'mimba mwawo maselo amakhala akugawanika mofulumira kwambiri.

Matumbo, khungu ndi bala

Maselo okuta mkati mwa matumbo amakhala masiku atatu mpaka asanu okha, chifukwa amakhudzana ndi chakudya ndi timadzi togaya nthawi zonse. Khungu limachedwerako. Maselo ake oyambira ali kunsi, ndipo akagawanika amakankhira m'mwamba maselo amene anabadwa kale. Pokwerapo maselowo amaphwatalala, amauma n'kufa, moti khungu limene mumaliona ndi kulikhudza ndi maselo akufa amene amateteza amoyo a pansi pake. Ulendo wochoka kunsi kufika pamwamba umatenga mwezi umodzi kapena kupitirirako pang'ono. Kutuwa kumene kumaoneka m'miyendo m'nyengo yozizira ya June ndi July munthu akapanda kudzola mafuta, mbali yaikulu ndi maselo akufa amenewa. Tsitsi ndi zikhadabo nazonso ndi zakufa, ndipo n'chifukwa chake kumeta ndi kuwenga sikupweteka, koma kumizu kwake kuli maselo amoyo amene amatalikitsa tsitsi pafupifupi sentimita imodzi pamwezi.

Mukagwa posewera mpira n'kusupuka bondo, mumatha kuona ndi maso anu ntchito imene nthawi zonse imachitika mobisika. M'mphindi zochepa magazi amaundana n'kutseka bala, ndipo chouma chake ndiyo nkhanambo. Asilikali a m'thupi amathamangira pamalopo kukapha tizilombo ndi kuchotsa zinyalala, ndipo n'chifukwa chake m'mbali mwa bala mumatupa, mumatentha ndi kupweteka kwa masiku angapo. Pansi pa nkhanambo, timitsempha tatsopano ta magazi timamera, maselo ena amaluka ulusi wolimba wodzaza dzenjelo, ndipo maselo a khungu a m'mphepete amagawanika n'kumakwawira chapakati. Akakumana kuchokera mbali zonse amasiya kuyenda ndi kugawanika. Nkhanambo ikagwa yokha mumapeza khungu latsopano losalala, lotuwirako, limene mtundu wake umabwerera pang'onopang'ono. Mwana amene amatong'ola nkhanambo isanakhwime amang'amba maselo anthete amene anali atangoyala kumene, ndipo ntchito imayambiranso. Bala likakhala lakuya kwambiri, thupi limatseka mpatawo ndi ulusi wolimba uja, ndipo pamatsala chipsera chimene sichimera tsitsi kapena kutuluka thukuta.

Kutalika kwanu kumachokera kumapeto kwa mafupa aatali a miyendo ndi manja, kumene kuli kagawo kofewa kamene maselo ake amagawanika, kenako n'kulowedwa m'malo ndi fupa lolimba. Mankhwala a m'thupi olamula kukula amachokera ku kachiwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo, ndipo ambiri amatuluka munthu akagona tulo tofa nato. Chakumapeto kwa zaka za unyamata tizigawo tofewato timalimba, ndipo munthu amasiya kutalika. Fupa la mwana likathyoka n'kuikidwa m'chikhakha limalumikizana msanga kuposa la agogo, chifukwa maselo ake omanga fupa ndi achangu. Chiwindi ndiye chodabwitsa, popeza madokotala angathe kudula mbali yoposa theka, ndipo chotsalacho chimakula mpaka kubwerera pafupifupi pa kukula kwake kwakale.

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri akuti thupi lonse limasinthika pa zaka 7 zilizonse, koma mawu amenewo si oona. Gulu la wasayansi Jonas Frisén ku Stockholm m'dziko la Sweden linapeza njira yochenjera yodziwira zaka za maselo. Mabomba a nyukiliya amene mayiko ena ankayesa kwambiri mumlengalenga mpaka chaka cha 1963 anasiya chizindikiro mumpweya, chimene chinalowa m'zomera, m'chakudya, mpaka mu DNA ya maselo amene ankabadwa nthawi imeneyo, ndipo chizindikirocho chakhala chikuchepa chaka ndi chaka. Poyeza kuchuluka kwake anapeza kuti mwa munthu wa zaka 25, selo limodzi lokha pa maselo 100 a minofu ya mtima ndi limene limasinthidwa pachaka, ndipo akamakalamba chiwerengerocho chimatsikanso. Maselo ambiri a ubongo amene munabadwa nawo ndi omwewo amene mudzakalambe nawo. N'chifukwa chake kuvulala m'mutu kapena pamsana n'koopsa kuposa kusupuka bondo, ndipo chisoti cha wokwera njinga yamoto si chokongoletsera.

Kudziwa poimira

Kugawanika kopanda malire kungakhale koopsa mofanana ndi kusagawanika konse, choncho selo siligawanika mwakufuna kwake. Limadikira uthenga wochokera kwa maselo oyandikana nalo kapena wobwera ndi magazi, ndipo mkati mwake muli mapuloteni amene amaloleza kapena kuletsa gawo lililonse la ulendo uja. Leland Hartwell, Tim Hunt ndi Paul Nurse analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2001 chifukwa chotulukira mapuloteni amenewa, ndipo zambiri anazipeza pofufuza yisiti ndi mazira a tinyama ta m'nyanja, chifukwa dongosololi n'lofanana kwambiri m'zamoyo zosiyanasiyana. DNA ikawonongeka, selo limaimitsidwa kuti likonze kaye, ndipo ikakhala yosakonzeka, selo limadzipha lokha mwadongosolo, anzake n'kuchotsa zotsalira zake. Imfa yotereyi si ngozi ayi, ndipo inakuthandizani ngakhale musanabadwe. Pamene munali m'mimba miyezi iwiri yoyambirira, zala zanu zinali zolumikizana ndi kachikopa, ndipo zinalekana chifukwa maselo a pakati pake anafa pa nthawi yoyenera.

Palinso malire ena. M'chaka cha 1961 Leonard Hayflick wa ku Philadelphia m'dziko la America anaona kuti maselo wamba a munthu osungidwa mu labotale amagawanika maulendo 40 mpaka 60, kenako amasiya. Chifukwa chake chinadziwika pambuyo pake: kumapeto kwa kromozomu iliyonse kuli kachigawo koteteza kamene kamafupika pang'ono nthawi iliyonse DNA ikakoperedwa, ndipo kakafupika kwambiri selo limaleka kugawanika.

Nthawi zina zolakwika zingapo zimaunjikana m'selo limodzi n'kuwononga malangizo enieni oletsa aja. Selo lotero limagawanika osamvera uthenga uliwonse, ana ake amachitanso chimodzimodzi, ndipo pamapangika chotupa. Amenewa ndiwo matenda a khansa. Khansa siichokera kwa mfiti ndipo simungaitenge posewera kapena kudyera limodzi ndi wodwala. Zinthu zina zimachulukitsa zolakwikazo, monga utsi wa fodya, mavairasi ena ndi dzuwa lamphamvu, ndipo n'chifukwa chake anzathu achialubino, amene khungu lawo lilibe mtundu wokwanira woteteza DNA ku dzuwa, amafunika zipewa zazikulu, zovala za manja aatali ndi mafuta odzitetezera.

Mtundu umodzi wa khansa umene umagwira ana m'Malawi ndi m'mayiko ena otentha kumene malungo ndi ochuluka unafotokozedwa m'chaka cha 1958 ndi dokotala Denis Burkitt, amene ankagwira ntchito ku Kampala m'dziko la Uganda, ndipo umadziwika ndi dzina lake. Kawirikawiri umatupitsa nsagwada kapena mimba, ndipo chotupacho chimakula mofulumira kwambiri. Koma kufulumira komweko ndi kumene kumachititsa kuti mankhwala achigwire bwino, chifukwa mankhwala ambiri a khansa amalimbana ndi maselo amene ali mkati mokopera DNA kapena kugawanika. Ana ambiri amene amafika msanga ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre amathandizidwa n'kuchira. Mankhwalawo sasiyanitsa bwino selo la khansa ndi selo labwino limene limagawanika kawirikawiri, choncho wodwala amatha kuthothoka tsitsi, kutuluka zilonda m'kamwa ndi kuchepa magazi pa nthawi imene akulandira chithandizo. Maselo oyambira a kumizu ya tsitsi ndi a m'mafupa ambiri amapulumuka chifukwa nthawi zambiri amakhala akupuma osagawanika, ndipo mankhwala akatha amayambiranso ntchito, moti pakapita milungu ingapo tsitsi limayamba kumeranso.